Pull request pa GitHub Team: chikugwira ntchito, koma dola ikutipweteka

Mnzanga wina wa ku Ntcheu anandifunsa sabata yatha kuti, "Achimwene, GitHub ija mukulipirabe, kapena munabwerera ku yaulere?" Pa foni ndinangomuyankha kuti tikulipirabe, koma nkhani yake ndi yaitali kuposa pamenepo.

Tilipo anayi kuno ku Dedza, ndipo timakonza pulogalamu yowerengera katundu ndi ndalama ya gulu lina la alimi a kachewere cha ku Bembeke. Code ya pulogalamuyi timaisunga pa webusaiti ya GitHub, ndipo tinalowa pulani yake yolipira ya GitHub Team chaka chatha pa chifukwa chimodzi basi: pa repo (nkhokwe ya code) yachinsinsi, pulani yaulere silola kutseka branch ya main, nthambi yaikulu ya code imene tonse timadalira. Ife tinkafuna kuti pasapezeke wolowetsa code yake wina asanawerenge pull request (pempho lolowetsa code mu main) n'kuivomereza.

Zambiri zimangoyenda. Diff, yoonetsa mizere imene yasinthidwa, imawerengeka ngakhale pa foni. Ukaona cholakwika chaching'ono umalemba mzere wolondola ngati suggestion, mwiniwake n'kungodina. Draft, pull request yongoyambirira, imathandiza amanyazi kuonetsa ntchito isanathe. Magetsi akathima umapitiriza ma commit (kusunga zimene wasintha) pa laputopu, push (kuzitumiza ku GitHub) udzachita netiweki ikabwera, koma pamenepo woyamikidwa ndi Git, pulogalamu yosunga mbiri ya code imene Linus Torvalds analemba mu 2005, osati ndalama zathu.

Chimene chinandidabwitsa ndi kabokosi kena kamene tinachonga tsiku loyamba osakaganizira kwambiri. Kamachotsa chivomerezo munthu akawonjezera commit ina pambuyo poti wavomerezedwa. Mnyamata wathu wamng'ono pagulupa anasintha pulogalamu kuti mtengo uziwerengedwa pa kilogalamu m'malo mwa pa thumba. Ndinawerenga Lachisanu masana, zonse zinali bwino, ndinavomereza. Madzulo iye anaponyamo ka commit kena, akuti kungosalaza manambala. Atayesa merge, kulowetsa code yake mu main, zinakana, ndipo posakhalitsa foni inalira. "Akulu, si mwavomereza kale? Nanga merge ikukaniranji?" Anali atakwiya ndithu, poti ankafuna kuti alimi aione pa msonkhano wa Lolemba. Ndinamuuza kuti agone kaye.

M'mawa nditatsegula, mizere yosinthidwa inali iwiri yokha. Anachititsa kuti mtengo wa kilogalamu imodzi uzidulidwa matambala usanachulukitsidwe ndi kulemera kwa katundu, pamene kudulako kumayenera kubwera kumapeto. Pa kilogalamu imodzi palibe amene angaone. Pa lole yodzaza yopita ku Lilongwe ndalama zikanasowa zooneka, ndipo amayi osunga chuma m'gulu lija ali ndi kope lawolawo limene salisiya kunyumba. Akanatigwira pamaso pa anthu onse, ndipo alimi akakukayikira pa ndalama sabwereranso. Tsiku limenelo ndikanalipira chaka chonse mosawiringula.

Kumapeto kwa mwezi mtima umatembenuka. Mtengo ndi $4 pa munthu pa mwezi, ndiye ife ndi $16. Papepala ndi zochepa. Koma chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, dola siipezeka mwachisawawa, ndipo makadi athu kulipira kunja ndi zamwayi. Ndiye tinapeza bambo wina ku Lilongwe amene amalipira ndi khadi yake, ife n'kumutumizira makwacha pa foni. Vuto lathu lenileni lili pamenepa. Amawerenga dola pa mtengo wa pamsewu, n'kuikaponso yake ya pamwamba, ndipo mwezi uliwonse nambala imakhala ina. Ukafunsa amangoti, "Bwana, zinthu zakwera." Poyamba anafuna kuti timuike kukhala owner wa organisation yathu, akuti kuti azilipira mosavuta. Ndinakana, chifukwa akanakhala ndi mphamvu pa code yonse. GitHub ili ndi udindo wa billing manager, woona za malipiro okha osakhudza ma repo, ndiye tinamupatsa umenewo. Ananyinyirika, koma analandira. Mwezi wina anachedwa kulipira mpaka tinachita kumuimbira mobwerezabwereza, ndalama titatumiza kalekale.

Kwa amene ali yekha, kapena code yake ndi yoonekera kwa aliyense, asataye ndalama, poti pa repo yoonekera kwa aliyense kutseka branch n'kwaulere. Kwa gulu ngati lathu, logwira ndalama za eni ake, ndikuti lipirani, bola mukhale ndi njira yanuyanu yolipirira. Bambo uja ndamuuza kuti kuyambira mwezi uno azitiuza mtengo wa dola tisanatumize kalikonse. Akakana, mlamu wa mmodzi wa ife amene ali ku Johannesburg wavomera kale kuti khadi yake ilipo.