Ndemanga ya ntchito yonyamula bilimankhwe kuchokera ku Blantyre kufika ku Ngabu

Ndikulemba ndemangayi patapita milungu isanu ndi umodzi chifikireni bilimankhwe wanga kuno ku Ngabu, ndipo ndadikira dala nthawi yonseyi kuti ndione kaye ngati akhale ndi moyo. Ali moyo, koma sikuti zonse zinayenda bwino. Kampani yaing'ono ya ku Blantyre imene inamunyamula ndikuipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu, chifukwa bokosi lake ndi labwino kuposa mmene ndinkayembekezera, pamene za kutentha kwa kuno kuchigwa anthu ake sakuzidziwa n'komwe.

Bilimankhweyu ndi wa mtundu wofala uja wokhala ndi tizikopa ngati makutu kumbuyo kwa mutu, umene asayansi amautcha Chamaeleo dilepis. Ndinamulanditsa zaka ziwiri zapitazo kwa ana amene ankamugenda, ndipo mwendo wake umodzi wakutsogolo unalumala moti sangathenso kudzidalira kutchire. Atandisamutsa kuntchito mu Okutobala kuti ndidzaphunzitse kuno, katundu anabwera pa lole, koma iye ndinamusiya kwa mnzanga mpaka nditakonza khola.

Chinthu choyamba chimene anandifunsa nditawaimbira lamya chinali chilolezo chochokera ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ndipo anakana kukamba za mtengo ndisanawatumizire chithunzi cha chilolezocho pa WhatsApp. Zimenezi zinandisangalatsa, pakuti abilimankhwe amatetezedwa ndi pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire lotchedwa CITES, komanso chigwa chathu chino chili ndi chifukwa chakechake chokhalira tcheru. M'mapiri a Malawi Hills ku Nsanje muli kabilimankhwe kotchedwa Rhampholeon chapmanorum, kotalika masentimita pafupifupi 5.5, kamene asayansi anakalemba koyamba mu 1992 ndipo ankaopa kuti kanatha, mpaka anakapezanso mu 2016 m'timagawo ta nkhalango timene tatsala. Wonyamula zokwawa popanda kufunsa mapepala, tsiku lina adzathandiza wakuba kutulutsa kanyama kangati kameneka.

Bokosi lenilenilo ndilibe nalo dandaulo. Kunja ndi katoni yolimba, mkati anayalamo zoyera zopepuka zija zimene amatchingira firiji yatsopano, ndipo pakati anaikapo chidebe chapulasitiki choboola timabowo m'mbali. M'chidebemo anapingasamo kamtengo kamene anakamanga ndi waya mbali zonse ziwiri kuti kasagubuduke, pansi n'kuyalapo mapepala ofewa onyowa pang'ono. Munali mdima, ndipo n'zoyenera, popeza bilimankhwe akakhala mumdima amagwira kamtengo n'kugona m'malo molimbana ndi kuthawa. Anauzanso mnzanga uja kuti asamupatse chakudya kwa masiku awiri ulendo usanachitike koma amumwetse madzi okwanira, malangizo amene ndi olondola. Mtengo unali pafupifupi katatu ndalama imene munthu amalipira pa minibasi ulendo womwewo, ndipo pa bokosi lotere sindikanawinya.

Vuto linali nthawi. Tinagwirizana kuti galimoto inyamuke m'mamawa kusanache kuti izifika kuno dzuwa lisanakwere, koma inanyamuka cha m'ma 10 koloko chifukwa inkadikira anapiye a makasitomala ena. Apa m'pamene ndinazindikira kuti ntchito yawo yeniyeni ndi yonyamula anapiye a tsiku limodzi, amene amafuna kufunda, ndiye nzeru zawo zonse n'zoteteza katundu ku kuzizira. Blantyre ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, koma ukangotsika zitunda za Chikwawa kufika pa Thabwa ndi kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, umakhala utalowa m'dziko lina, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Bilimankhwe satuluka thukuta, ndipo thupi lake limangotsatira kutentha kwa pamalo pamene ali. Akakhala pamtengo amathawira kunsi kwa masamba, koma m'chidebe alibe kothawira. Dalaivala anaima pa Dyeratu, n'kuimanso nthawi yaitali pa Nchalo kutsitsa anapiye, galimoto ili padzuwa, ndipo ulendo wa maola awiri ndi theka unatenga maola asanu.

Atafika anandipatsira bokosi akumwetulira, n'kunena kuti, “Aphunzitsi, katundu wanu uyu, ndinamufunditsa bulangete kuti asazizidwe.” Sindinamukalipire chifukwa anachita zimene anaphunzitsidwa. Choyezera kutentha chimene ndinapempha kuti aikemo chinkasonyeza madigiri 37. Mapepala aja anali atauma gwa, ndipo bilimankhwe anali atagwa pa kamtengo, ali pansi kukamwa kuli yasa, maso atalowa mkati, khungu litachita mawanga akuda ngati tsamba la fodya lopserera. Botolo limodzi la madzi oundana, lokulungidwa m'nsalu ndi kuikidwa pakona posakhudza chidebe, likanaletsa zonsezi.

Pepala la malangizo limene anaika m'bokosi linali ndi mfundo imodzi yabwino, yakuti nyamayo isagwidwegwidwe kwa sabata yathunthu, ndi ina yolakwika, yakuti ndimuikire madzi m'kambale. Bilimankhwe nthawi zambiri sazindikira madzi odikha, koma amanyambita timadontho ta mame ndi mvula pamasamba. Sindinamuthire madzi ozizira, poopa kuti kusintha kwadzidzidzi kungamuphe. Ndinamuika m'khola la waya wa sefa m'chipinda chakum'mwera, mmene dzuwa silinkafika, ndinadzazamo nthambi za mango zamasamba ambiri, ndipo mbali zitatu ndinaphimba ndi chitenje chonyowa kuti mphepo ikamadutsa izizizira. Pamwamba ndinakhazikapo botolo loboola ndi singano kuti lizidonthezera patsamba limodzi, ndipo m'mawa ndi madzulo ndinkapopera masamba, osati iyeyo, ndi madzi amene atenthedwa pang'ono.

Tsiku loyamba sanasunthe. Usiku ndinamuunikira pang'ono ndi tochi ndipo ndinapeza kuti wakwera kanthambi kapansi, khungu litayera monga amachitira akagona, zomwe zinandipatsa chiyembekezo. M'mawa wa tsiku lachiwiri ndinasuzumira pa mpata wa chitenje n'kumuona akutsegula ndi kutseka pakamwa pang'onopang'ono pansi pa tsamba lodontha lija, mutu atauloza kumwamba, ndipo anamwa kwa mphindi pafupifupi khumi. Chovuta kwambiri pa masiku amenewo chinali kudziletsa ineyo, chifukwa mtima unkafuna kumutenga m'manja kuti ndione ngati ali bwino, pamene kwa iye dzanja la munthu n'chimodzimodzi ndi kabawi amene wamugwera.

Chimene ndinkayang'ana tsiku lililonse ndi zitosi. Mbali yoyera ya chitosi cha bilimankhwe imasonyeza mmene madzi alili m'thupi: ikakhala yoyera ndiye kuti ali bwino, ikakhala yachikasu kapena yofiirira ndiye kuti madzi akuchepa. Choyamba chinatuluka tsiku lachinayi chili chofiirira, ndipo chinayera bwinobwino patapita masiku khumi. Chakudya anakana mpaka tsiku lachisanu ndi chimodzi, pamene anaponya lilime pa chiwala chaching'ono n'kuphonya kawiri asanachigwire. Amene ali kuno achenjere ndi ziwala za m'minda ya thonje ndi m'mphepete mwa minda ya nzimbe, pakuti mankhwala opopera amatha kupha nyama yofooka kale. Ine ndimatola zanga kutchire la kuseri kwa sukulu, kumene sikulimidwa. Sabata yachiwiri ndinayamba kutulutsa khola padzuwa la m'mawa kwa theka la ola isanakwane 8 koloko, theka la khola lili pamthunzi, chifukwa popanda dzuwa lenileni thupi lake silingagwiritse ntchito kashiamu ndipo mafupa amafewa. Akanapitiriza kutsinzina masana kupyola masiku atatu ndikanapita naye kwa dokotala wa zinyama, popeza chimenecho n'chizindikiro cha matenda osati kutopa chabe.

Mayi oyandikana nawo nyumba, amene poyamba ankalambalala khonde langa ponena kuti nadzikambe ndi amene anachedwa ndi uthenga wa moyo mpaka buluzi anafikitsa wa imfa, tsopano ndi amene amandikumbutsa kuti, “Aphunzitsi, botolo la mnzanu lija latha madzi.” Dzina la nadzikambe nalonso linalowa m'mabuku a sayansi, chifukwa bilimankhwe wa m'phiri la Mulanje amatchedwa Nadzikambia mlanjensis.

Nditadandaula, mwini kampaniyo anayankha tsiku lomwelo, anapepesa mosazemba, ndipo anandibwezera gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zanga. Anandifunsanso mwatsatanetsatane za botolo la madzi oundana lija, zomwe zikusonyeza kuti akufuna kuphunzira. Ndingawagwiritsenso ntchito m'miyezi ya Juni ndi Julayi, koma kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa ndingavomere pokhapokha atalemba kuti galimoto inyamuka isanakwane 4 koloko m'mawa ndipo simukhala anapiye. Bokosi lija ndalisunga pamwamba pa kabati, ndipo ndawonjezera timabowo tinayi m'mbali mwake.