Ma repository atatu, matikiti pamalo amodzi: Redmine, Trac, Jira, GitHub ndi GitLab

Pulogalamu imodzi ingathe kukhala m'ma repository (malo osungiramo kodi) atatu: api, web ndi mobile. Vuto likapezeka, nthawi zambiri kulikonza kumafuna kukhudza awiri kapena onse atatu, koma tikiti, pomwe vutolo lalembedwa, ndi imodzi. Musanasankhe chida chosungira matikiti, onani chinthu ichi: nambala ya tikiti ikutanthauza tikiti yomweyo kuchokera ku repository iliyonse, kapena repository iliyonse imawerenga nambala zake? Kusiyana kwa zida izi kwagona pamenepo.

Redmine inayamba kulola ma repository angapo pa polojekiti imodzi mu version 1.4, mu 2012, ndipo nambala za matikiti ake sizibwerezedwa pa seva yonse. Mu Settings ya polojekiti, pa Repositories, mumawonjezera iliyonse n'kuipatsa identifier, ndipo imodzi imakhala main repository. Wolemba commit (zosintha za kodi zosungidwa ndi uthenga wake) akaika "refs #482", commit imaoneka pa tikiti 482 mosasamala kuti yachokera ku api kapena ku web. Mawu otsekera tikiti, monga fixes ndi closes, mumawakhazikitsa mu Administration, ndipo muyenera kusankhanso status yomwe tikiti ipiteko, apo ayi sitsekeka. Potchula commit m'ndemanga mumalemba commit:api| n'kutsatiza hash yake (nambala yozindikiritsa commit).

Chovuta pa Redmine ndi chakuti imawerenga ma repository a Git pa disk ya seva yomweyo, siipita yokha ku GitHub. Repository iliyonse imafuna git clone --mirror yopanga mirror (kope lake pa seva), kenako cron (yoyendetsa malamulo pa nthawi yoikika) kapena hook (lamulo loyenda lokha kodi ikasintha) yoyendetsa git remote update, kenako kuitana /sys/fetch_changesets ndi key yake. Mukaiwala chimodzi mwa izi pa repository yachitatu, palibe chenjezo. Ma commit amangosiya kubwera. Chinanso chimene chimapusitsa ambiri: kuyambira Git 2.35.2, mu 2022, Git imakana kuwerenga foda ya mwini wina. Ngati mirror inapangidwa ndi akaunti ya root pamene cron ikuyenda pa akaunti ina monga www-data, git remote update ingakanike. Sinthani mwini wa foda ndi chown.

Trac imachita zofanana kuyambira version 0.12, mu 2010. Repository iliyonse imafuna hook yoitana trac-admin ndi changeset added ndi dzina lake, komanso kuyatsa tracopt.ticket.commit_updater. Ngati muli ndi Trac kale, imagwira bwino. Kuiyamba lero pa ntchito yatsopano sindingakulimbikitseni.

Jira siisunga kodi, choncho chiwerengero cha ma repository sichiisokoneza. Imangofunafuna key ngati SHOP-482 mu uthenga wa commit, m'dzina la branch kapena pamutu wa pull request (pempho loti zosintha zilowe mu kodi yaikulu), n'kuonetsa zonse pa development panel ya tikitiyo. Mukalumikiza organisation yanu ya GitHub kapena Bitbucket kamodzi, ma repository omwe mwaloleza onse amalowa. Key ilembedwe m'zilembo zazikulu. Smart commits, monga "SHOP-482 #comment" kapena "#time 2h", zimagwira pokhapokha imelo ya wolemba commit ikufanana ndi ya akaunti yake ya Jira. Wina akalemba pa laputopu yomwe ili ndi imelo yake yakale, lamulolo silichitika. Dziwaninso kuti Atlassian, kampani yopanga Jira, inasiya kuthandiza Jira Server (yoika pa seva yanu) pa 15 February 2024, ndiye kwa gulu laling'ono njira yotsala ndi Cloud.

GitHub ndi GitLab ndi zosiyana ndi zitatuzi. Kumeneko tikiti ndi ya repository, ndipo iliyonse imayamba kuwerenga pa 1. Mukasankha kuti matikiti onse azikhala mu api, wogwira ntchito mu web ayenera kulemba dzina lonse: "Fixes kampani/api#12". Akalemba "Fixes #12" yokha, watchula nambala 12 ya mu web, yomwe pa GitHub ingakhale pull request chifukwa matikiti ndi ma pull request amagawana nambala, kapena tikiti ina yomwe itsekeke popanda wozindikira. Kutseka kumachitika commit ikafika pa default branch, choncho pull request ya web ikalowa msanga, tikiti imatsekeka mbali ya mobile isanathe. Njira yake ndi kungotchula tikiti m'ma pull request oyamba, n'kusungira Fixes womaliza. GitHub Projects ndi ma group board a GitLab amasonkhanitsa matikiti a ma repository ambiri pa bolodi limodzi, koma nambala zimakhalabe za repository iliyonse. Pa GitLab, ma label ndi ma milestone muziwapanga pa group, osati pa polojekiti iliyonse. Ma epic, omwe amasonkhanitsa matikiti a ntchito imodzi yaikulu, amafuna GitLab yolipira ya Premium.

Ngati kodi yanu ili kale pa GitHub kapena GitLab ndipo ndinu ochepa, khalani pomwepo, muzolowere kulemba dzina lonse. Ngati olemba matikiti ndi oyesa pulogalamu kapena makasitomala, omwe sangadziwe kuti vuto lili mu api kapena mu web, nambala imodzi ndiyofunikadi: tengani Jira ngati ndalama zilipo, kapena Redmine ngati muli ndi munthu wosamala seva amene aziyang'ana ma mirror ndi cron.