Kalamba ka NIRS koyezera okosijeni mu ubongo: zomwe ndaona m'chipinda chotentha

Ino ndi miyezi inayi ndikumanga anthu kalamba ka NIRS (near-infrared spectroscopy, njira yoyezera okosijeni wa m'magazi pogwiritsa ntchito kuwala) pamphumi, kuno ku South Africa komwe ndikuphunzira za thupi ndi masewera. Anzanga angapo akhala akundifunsa ngati n'koyenera ndalama zake, ndiye ndati ndilembe zomwe ndaona ndekha.

N'kopepuka kwambiri, munthu amaiwala kuti wavala kanthu. Kali ndi timababu totulutsa kuwala kosaoneka ndi maso, kwa pakati pa mananomita 700 ndi 900 (muyeso wa kutalika kwa mafunde a kuwala). Kuwalako kumalowa pakhungu, kudutsa chibade, n'kukhudza pamwamba pa ubongo, kenako kwina kumabwerera ku kadiso kolandira komwe kali masentimita 3 kuchoka pa babu. Magazi odzaza okosijeni ndi magazi omwe atula kale okosijeni wawo amameza kuwalako mosiyana, ndipo kusiyana kumeneku n'komwe kompyuta imajambula ngati mizere iwiri. Njirayi anaitulukira wasayansi Frans Jöbsis mu 1977. Musayembekezere chithunzi ngati cha MRI (makina a kuchipatala ojambula mkati mwa thupi) ayi, kalambaka kamangosuzumira pamwamba penipeni pa ubongo, zakuya sikazifikira.

Tsiku langa loyamba m'chipinda chotenthetsa, tinakweza kutentha kufika madigiri 38, mnyamata wina wothamanga akupalasa njinga yoima. Patapita kanthawi mzere wa okosijeni unayamba kukwera, ine n'kusangalala kuti ubongo wake ukulandira magazi ambiri. Mayi amene amatiyang'anira anangondigwira paphewa. "Taleka kompyutayo, tayang'ana nkhope yake." Mphumi inali noninoni ndi thukuta, mitsempha itatupa. Thupi likatenthedwa limathamangitsira magazi kukhungu kuti lizizire, ndipo kuwala kuja kumadutsa pakhungupo kawiri, polowa ndi potuluka. Chomwe ndinkasangalalira chinali khungu. Mkatimo zimayenda mosiyana: munthu akatenthedwa kwambiri amapuma mwawefuwefu, amataya mpweya wa carbon dioxide wochuluka, mitsempha ya mu ubongo imafinyika, magazi opita kumeneko n'kuchepa.

N'chifukwa chake mbali yomwe ndimaikonda pa kachipangizoka ndi tidiso tapafupi, tokhala mamilimita 8 okha kuchoka pa babu. Timeneti timawerenga khungu basi, ndiye umachotsera chiwerengero chake pa chija cha kadiso ka pa masentimita 3. Popanda timeneti, pa kafukufuku wa kutentha mukhala mukudzinamiza nokha.

Vuto lina limatikhudza ife eni khungu lakuda. Khungu lathu limameza kuwala kochuluka, ndipo tsitsi lathu lothithikana limalepheretsa timababu kukhudza mutu bwinobwino. Pamphumi zimatheka, bola upukute thukuta ndi kukulunga kansalu kakuda kuti magetsi a m'chipinda asalowerere. Koma tsiku lina ndinatha pafupifupi theka la ola ndikupatula malukidwe a mtsikana wina ndi kamtengo, ndikupepesa, iye akundiuza kuti "Pitirizani achimwene, sizikupweteka," mpaka tinangobwerera pamphumi pomwepo. Thukuta likachuluka kalambako kamatsetserekanso, mzere n'kudumpha ngati munthu wakomoka chonsecho ali bwinobwino.

Ndikamakagwira ndimakumbuka odula nzimbe ku Nchalo mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Chigwa cha Shire likapyola madigiri 40. Poti kamayendera batire ndipo kamatumiza zonse kulaputopu popanda nthambo, munthu angathe kukayeza kumunda komweko, zomwe makina a MRI sangachite. Komatu n'kofufuzira, si kopimira wodwala. Munthu akagwa ndi dzuwa, mthunzi ndi madzi ozizira ndizo zoyamba.

Amene mukufuna kugula, funsani kaye ngati kali ndi tidiso tapafupi tija, ndipo ogulitsawo akubwerekeni mukayese pa anthu akhungu ngati lathu, atatuluka thukuta, musanalipire.