Chiwaya cha pa diramu, cha pa njerwa kapena cha gasi: chiti chomwe sichipsereza anthu?

Munthu akafuna kuyamba geni ya chipisi kuno ku Mulanje amafunsa mtengo wa chiwaya ndi kuchuluka kwa nkhuni zimene chizidya. Zoti chiwayacho chikhala pa chiyani, ambiri amaziganizira mwendo utatupa kale matuza. Mukatsata msewu kuchokera ku Luchenza, kudutsa pa Chonde ndi pa Chitakale mpaka ku Limbuli, muona mitundu itatu: chokhazika pa diramu, chomangira pa njerwa, ndi cha gasi chimene chayamba kuoneka apo ndi apo. Ine ndimakazinga, ndipo zonse zitatu ndinaimapo kumbuyo kwake. Chimene chimavulaza anthu pa chiwaya kawirikawiri si lawi ayi, ndi mafuta. Ndiye mtundu uliwonse ndiuyesa ndi funso limodzi: mafuta aja angachoke bwanji pamalo pake, ndipo akachoka agwera ndani?

Tiyambe ndi chitsulo chenichenicho, poti ichi n'chimodzimodzi kaya pansi pali nkhuni kaya gasi. Chitsulo chopyapyala chimapindika chikatentha. Mumangomva kuti phwa! mbali imodzi yadzuka, mafuta athamangira kwina. Cha mamilimita 3 kapena kuposerapo chimalemera ndipo chimaboola m'thumba, koma chimakhala phee. Dzenje lapakati likhale lakuya moti mafuta azilekezera pakati, chifukwa mbatatesi zikalowa zonyowa thovu limakwera. M'mbali monse mukhale mopindira m'mwamba, ngakhale zala ziwiri zokha. Ngati dzenjelo ndi lowotcherera, msoko wake uli pamwamba penipeni pa moto, ndipo kabowo konga kansonga ka singano n'kokwanira kudonthezera mafuta m'lawi tsiku lonse. Musanapereke ndalama, thiranimo madzi, muyale nyuzipepala pansi, mukayendeko kaye mumsika. Mukapeza pepala lanyowa, bwezani. Malata ofolerera nyumba asayandikire n'komwe: zinki wopakidwa pamwamba pake akapsa amatulutsa utsi umene umapweteketsa mutu ndi kubweretsa malungo a m'thupi.

Cha pa diramu ndiye chofala, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Diramu ya malita 200 mumaidula, kuboola khomo la nkhuni, kukhazika chiwaya, geni yayamba. Tsiku la msika mumaimangirira pa njinga n'kupita kumene kuli anthu. Palibe china chingapikisane nayo pa mtengo ndi pa kuyenda.

Vuto lake ndi lakuti kulemera konse kuli pamwamba. Pansi pali chitini chopepuka, pamwamba pali chitsulo, mafuta owira ndi mulu wa chipisi. Kaimeni pa Limbuli tsiku la msika mvula itagwa usiku, muyang'ane pansi pa madiramu m'malo moyang'ana nyama. Mupeza ina yatsamira pa chidutswa cha njerwa chimene mwini wake waponderapo kuti mafuta aime bwino. Dothi lathu lofiirali likanyowa limafewa, njerwa ija imamira pang'onopang'ono, ndipo pofika masana chiwaya chapendekera kumene kwaima makasitomala. Pakhomo la moto patuluka chipika cha bulugamu chachitali ngati mkono wonse, theka m'kati, theka panja. Wakabaza akhota mothina, kapena kamwana kothamangira mayi ake kapunthwa pa chipikacho, ndiye kuti diramu yonse yagwedezeka kuchokera pansi. Mbali zakenso za diramu zimatentha koopsa, pa msinkhu womwe mwana wa zaka zitatu amagwira akafuna kusuzumira.

Zambiri mwa izi wowotcherera angathe kuzikonza ndi ndalama yochepa. Muuzeni apange felemu ya zitsulo zangodya (angle iron) yoti chiwaya chizilowa m'kati mwake, osati kungosanjika pamwamba. Miyendo ikhale yotangadza, yokhala ndi timapazi ta chitsulo chophwatalala kuti isamire m'matope. Ena amakonda itatu poti sigwedera pamalo osalingana, ndipo n'zoona, koma itatu yoimirira chilili imagwa msanga munthu akatsamira pangodya. Ngati ndi itatu, itangadze kwambiri. Pansi pa diramu muthiremo mchenga kuti kulemera kutsike, komanso kuti makala amoto asadye chitsulo. Phulusa lonyowa ndi limene limabweretsa dzimbiri, ndiye muzilichotsa madzulo aliwonse. Nkhuni muzidula zifupizifupi, ndipo khomo la moto liziyang'ana kwa inu, osati kumsewu.

Pali ngozi ina imene imabwera chiwaya chisanayake n'komwe. Diramu imene munali petulo, thina kapena mafuta ena imasunga mpweya wake ngakhale ikuoneka youma, ndipo galainda ikangotulutsa nthethe imaphulika. Itsukidwe, idzazidwe madzi, ndiye idulidwe. Kuno kuli minda ya tiyi, madiramu ena munali mankhwala opopera. Ngati simukudziwa chimene munali, isiyeni. Ndipo penti ya kunja kwa diramuyo muiwotche ithe musanaikepo chakudya.

Cha pa njerwa ndi nkhani ina. Sichigwa. Muchikankhe, mbuzi idutse, woledzera atsamire, chili pomwepo. Khoma lake limangofunda m'malo motentha, ndiye mwana akagwira amachotsa dzanja lili bwinobwino. Moto umakhala m'kati, mphepo siumwaza, ndipo nkhuni zimene diramu imamaliza pofika masana pano zimakufikitsani madzulo. Nzeru yotsekera moto m'kanjira kopapatiza kuti nkhuni zipse bwino si yachilendo kwathu kuno: mbaula zikuluzikulu zotchedwa rocket zinkapangidwa ku Mulanje konkuno m'zaka za m'ma 2000, mothandizidwa ndi bungwe la ku Germany la GTZ, n'kumagwiritsidwa ntchito m'masukulu ndi m'makhitchini a m'maesiteti. Amisiri oidziwa alipo.

Pomanga gwiritsani ntchito dothi m'kati, osati simenti, poti simenti imang'aluka ndi moto. Chiwaya chikhale molowa m'khoma, mpata wonse wozungulira umatidwe, kuti lawi lisamatulukire m'mbali n'kumanyambita mafuta a m'mphepete. Chumuni ikhale kumbuyo kapena pambali, italike kupitirira denga. Maso anu adzakuthokozani mukadzakula. Msinkhu wake ufike cha m'chiuno mwa wokazinga. Chachifupi chimathyola msana ndiponso chimaika mafuta pa nkhope za ana, chachitali chimakuthirani m'mikono potembenuza.

Zoipa zake zilipo ziwiri. Choyamba, sichiyenda. Ngati malowo si anu, kapena ali m'mphepete mwa msewu momwe a khonsolo angakusamutseni tsiku lililonse, mwakwirira ndalama. Chachiwiri, moto wake suzimitsika msanga. Njerwa zimasunga kutentha, ndiye mafuta akayamba kufuka utsi, ngakhale musolole nkhuni zonse amapitirizabe kutentha kwa kanthawi. Chipisi chimapsa bwino pa madigiri 170 mpaka 180. Mafuta akayamba kutulutsa utsi wabuluu ndiye kuti atenthetsa, ndipo akamapitirira kukwera amadzayaka okha popanda lawi kuwakhudza. Pa njerwa muyenera kuphunzira kuchepetsa moto nthawi isanakwane.

Apa ndi pamene gasi amaposa onse. Mwatseka, moto watha. Palibe utsi, palibe mwaye pa chipisi, palibe kulimbana ndi nkhuni zonyowa mu June. Ndimamvetsa amene akusamukirako, makamaka poti makala ndi nkhani ya milandu: kuwotcha makala opanda chilolezo n'koletsedwa, ndipo lamulo la zankhalango litakonzedwanso mu 2020 zilango zinakwera. Aliyense woona mmene phiri layerera m'munsimu sangatsutse.

Komatu cha gasi chopangidwa mwachisawawa ndi choopsa kuposa zinzake zonse, chifukwa diramu ikagwa imapsereza awiri atatu, pamene silinda ya gasi ikavuta ndi mzere wonse wa mabenchi. Cholakwika chimene ndimachiona kwambiri n'chofuna kukongoletsa: wowotcherera amapanga kabati yotseka mbali zonse, silinda n'kuibisa m'kati, pansi penipeni pa chiwaya. Zimaoneka zaudongo. Koma gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya, akamatuluka sakwera, amatsika n'kudzaza m'kabatimo kudikira machesi. Kutentha kwa chiwaya kumabwereranso pansi n'kumawotcha paipi. Silinda ikhale panja, choimirira, pamthunzi, mita imodzi kapena kuposerapo kuchoka pa moto, yomangirira kuti isagwe, ndipo kabati ikhale yotsegula m'munsi. Tija timasilinda tating'ono tokhala ndi mbaula pamutu n'tophikira poto kunyumba. Mukasanjikapo chiwaya, chitsulo chotambalalacho chimabwezera kutentha konse pa silinda.

Paipi ikhale ya gasi, osati yothirira dimba, ndipo imangidwe ndi makilipu achitsulo. Mphira wa chubu cha njinga umamanga katundu pa kaliyala, osati gasi. Mukasintha silinda, pakani thovu la sopo polumikizira ponse ndi pa regulator, kachipangizo ka pakamwa pa silinda kochepetsa mphamvu ya gasi. Pakatuluka timabaluni, tsekani. Poyatsa, machesi ayambe kuyaka, gasi atsegulidwe pambuyo. Lawi labwino ndi labuluu; lachikasu likutanthauza kuti burner, potulukira lawi paja, yatsekeka kapena mpweya sukulowa mokwanira. Mphepo yotsika m'phiri imatha kuzimitsa lawi inu muli kalikiliki kupereka chenje, gasi n'kumangotuluka. Ndiye pakhale chotchinga mphepo mbali zitatu, ndipo ngati mungapeze burner yokhala ndi kachipangizo kodzitsekera lawi likazima, musaumire. Ganiziraninso kumene muzikadzazitsa silinda: kuno malo ake ndi ochepa poyerekeza ndi ku Limbe, ndipo ogulitsa ayenera kukhala ndi chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za mafuta, gasi ndi magetsi. Wothira gasi kuchokera m'silinda ina kupita m'inzake kuseri kwa golosale muthaweni.

Tsopano nkhani ya denga, imene imakhudza onse atatu koma anzathu a kumadera ouma saiganizira. Kuno chiperoni chikakhazikika, kamvula kamawaza masiku angapo osaleka, ndipo dzinja lathu mukulidziwa. Madzi ndi mafuta otentha ndi adani. Dontho likagwera m'dzenje limamira, kusanduka nthunzi nthawi yomweyo, n'kuponya mafuta kumaso. Madzi akasanduka nthunzi amafufuma pafupifupi ka 1,700. Pepala la pulasitiki lakuda limene ambiri amakunga pamwamba limasunga chithaphwi pakati, kutentha kumalifewetsa, ndipo tsiku lina limakhuthula zonse m'chiwaya. Udzu nawo umagwira moto. Denga likhale la malata, lokwera bwino, lopendekera kumbuyo kuti madzi asatsikire kumene kuli mafuta. Koma musatseke mbali zonse pothawa kuzizira: makala ndi nkhuni m'malo otsekeka zimatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo, umene umayamba ndi mutu ndi chizungulire.

Mafuta akayaka, musathire madzi, musanyamule chiwaya. Vundikirani. N'chifukwa chake ndimati popangitsa chiwaya mupangitsiretu chivundikiro chachitsulo chokwana pa dzenje, chokhala ndi chogwirira chachitali, ndipo ndowa ya mchenga wouma ikhale pafupi. Pa gasi mumatseka pa silinda kenako n'kuvundikira. Pa njerwa mumavundikira n'kusolola nkhuni. Pa diramu mumachita zomwezo koma mosamala, poti kusolola mwaphuma n'kumene kumagwetsa zonse. Munthu akapsa, thirani madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, osapaka Colgate, dzira kapena mafuta, kenako kuchipatala. Mabala aakulu amathera kuchipatala chachikulu cha Queens ku Blantyre, kumene kuli wodi ya anthu opsa, ndipo kuchira kwake kumatha kutenga miyezi.

Ndiye ndingasankhe chiti? Ngati malo ndi okhazikika, njerwa, mosakayika. Ndi chokhacho chimene chimakhululuka wina akalakwitsa, ndipo pa chiwaya pamadutsa ana, oledzera ndi njinga tsiku lonse. Gasi ndimamuika pachiwiri, ndipo ndi wa munthu amene amaima yekha pa geni yake kapena ali ndi mnyamata womvera. Ngati mumasinthasintha antchito mwezi ndi mwezi, aliyense ndi kayatsidwe kake, musayerekeze. Diramu yongodula n'kusanjika ili kumapeto. Koma kwa oyenda m'misika palibe kuchitira mwina, ndipo diramu ya felemu, miyendo yotangadza ndi mchenga pansi imasiyana kutali ndi inzake ija ya pa chidutswa cha njerwa.

Chilichonse mungasankhe, ikani thebulo kapena benchi pakati pa chiwaya ndi makasitomala, mchere, tsabola ndi kabichi zikhale pamenepo. Anthu amaunjikana pamene pali mchere. Mukausiya m'mphepete mwa chiwaya, manja onse azidutsa pamwamba pa mafuta.