Bokosi la Infernal Affairs: zithunzi zokongola, koma Hong Kong wa amuna okhaokha

Mu 2022 kampani ya Criterion inatulutsa bokosi la ma Blu-ray lokhala ndi mafilimu onse atatu a Infernal Affairs, omwe Andrew Lau ndi Alan Mak anawatsogolera ku Hong Kong m'zaka za 2002 ndi 2003. Pa kaonekedwe palibe chodandaulitsa. Zithunzi anazikonzanso bwino, moti pamene Tony Leung, wapolisi wobisala pakati pa zigawenga, akugogoda ndi chala potumiza uthenga wachinsinsi, kenako mkulu wa gululo n'kumuswera chikhakha cha pamkono pofufuza kazitape, mantha a pankhope yake amaoneka poyera. Chinenero cha Cantonese chimamveka bwino, ndipo mawu a Chingerezi olembedwa pansi ndi osavuta kutsatira. Wogula angoonetsetsa chigawo cha makina ake oonetsera, popeza ma Blu-ray ambiri amaseweredwa pa makina a chigawo chawo chokha cha dziko lapansi, ndipo bokosi la ku America ndi la chigawo A pomwe Africa ili m'chigawo B.

Chimene chinanditsalira m'maganizo nditaonera onse atatu motsatizana ndi anthu amene mafilimuwa amawapatsa mpata wolankhula. Mu filimu yoyamba, akazi awiri otchuka, Kelly Chen ndi Sammi Cheng, alipo kuti atonthoze amuna ovutika mumtima: wina ndi dokotala wa maganizo amene wodwala wake amangobwera kudzagona tulo pampando, wina ndi wolemba buku amene akudikira ukwati. Nkhani itha kuyenda popanda iwo.

Yachiwiri ndiyo yosiyana, ndipo kwa ine ndi imene ikupangitsa bokosili kukhala loyenera mtengo wake. Carina Lau amasewera ngati Mary, mkazi wa chigawenga Hon Sam, ndipo ndi iye amene amalamula kuti mkulu wa banja la Ngai aphedwe kuti mwamuna wake akwere, mwamunayo osadziwa kanthu. Zonse zotsatira, kuyambira 1991 mpaka usiku wa 1997 pamene Britain inabweza Hong Kong ku China, zimachokera pa chiganizo cha mayiyu. Komabe olemba nkhaniyi sanamulole kufika kumapeto, popeza amagundidwa ndi galimoto pabwalo la ndege, nkhani n'kutsalira amuna monga kale.

Za mitundu ina ndiye zochepa kwambiri. Kalembera wa 2021 anapeza kuti anthu pafupifupi 8 pa 100 alionse ku Hong Kong si Matchaina, ndipo ambiri mwa iwo ndi ochokera ku Philippines ndi Indonesia, ogwira ntchito zapakhomo, kuphatikizapo mabanja ochokera ku India, Pakistan ndi Nepal amene akhalako mibadwo ingapo. M'mafilimuwa anthu amenewa alibe mawu, ndipo alendo amene amaoneka bwinobwino ndi a ku Thailand, ogulitsa mankhwala ozunguza bongo. Chodabwitsa n'chakuti Anthony Wong, yemwe amasewera ngati mkulu wa apolisi, bambo ake anali Mngelezi, koma nkhaniyo siikhudzako.

Yachitatu imalowetsamo Chen Daoming wa ku China, wolankhula Mandarin, koma nkhani yake imabwerera m'mbuyo ndi kupita m'tsogolo mosokoneza mutu, ndipo ndinaimaliza chifukwa choti inali kale m'bokosimo.