Kilombero wapamsika, wam'paketi kapena wa amama aja, tigule uti?

Anzanga obwera kuno ku Mzuzu sabwerera ku Lilongwe opanda mpunga, ndipo funso lawo limakhala lomweli, ndiye ndingonena zomwe ndaona ine poti ndagulapo konseko.

Wapamsika ubwino wake umaugwira ndi manja. Umatapa pang'ono, kuutikita m'manja, kuupumira mpweya kenako kununkhiza, Kilombero weniweni fungo lake silibisala. Mtengo mumakambirana, makamaka cha mu June ndi July anthu aku Karonga akangokolola, matumba ochokera ku Kaporo, Hara ndi Wovwe akukwera Chiweta pa malole tsiku ndi tsiku. Koma abale, pamwamba pa thumba si pansi pa thumba. Pa chinkhoswe cha mlongo wanga ndinagula makilo 25 kwa venda wina amene sindinkamudziwa, pamwamba panali Kilombero wabwinobwino wautali uja, titafika pakati tinapeza wosakaniza ndi mtundu wina wosanunkhira, wosweka wambirimbiri, timiyala ndiye osanena. Azakhali anakhala ndi malichero awiri kupeta ndi kusankha mpaka usiku akundinena. Ndipo mitundu iwiri siipsa nthawi imodzi, wina wasanduka phala wina akadali wolimba mumphika womwewo. Mawa lake ndinapitako, pamalo paja panali munthu wina akugulitsa anyezi.

Wam'paketi, monga wa NASFAM ndi ena amene amapezeka m'mashopu, ndi wodulirapo, izo sitingakane. Koma ndalama yowonjezerayo si ya pulasitiki ayi. Mukulipira makina ochotsa miyala, kusefa kuti wosweka upite padera, sikelo yoti kilo ikhale kilo, komanso dzina ndi adilesi ya munthu amene mungamudandaulire. Pamakhalanso deti ndi chizindikiro cha MBS, bungwe loona za miyezo lomwe lilipo kuyambira 1972. Chokhacho, paketi sungainunkhize, ndiye ine ndimaitembenuza kuona ngati pansi padzaza tosweka kapena muli anankafumbwe akuyenda. Komanso si chilichonse chomatidwa lebulo chomwe chili bwino, ena amangogula wapamsika womwewo n'kuthira mu pulasitiki, kumata ndi kandulo basi yakhala kampani.

Pali njira yachitatu imene anthu saiwerengera. Pali amama ena aku Karonga amene ndakhala ndikuwagula zaka zingapo tsopano, alibe lebulo alibe paketi, ali ndi sikelo ndi foni basi. Tsiku lina anandikaniza okha, amvekere mwana wanga uwu usatenge sunaume bwino, ubwere Lachisanu. Anataya ndalama ya tsiku limenelo, koma ine mpaka lero ndimangowatumizira pa Mpamba osaona n'komwe mpungawo, ndipo ndawapezera makasitomala asanu kuntchito kwathu. Kodi ma brand akuluakulu aja amagulitsa china chosiyana ndi chimenechi? Taonani Nali, tsabola wa ku Thyolo uja, wakhalapo kuyambira zaka za m'ma 1970 ndipo botolo la lero limawawa ngati la chaka chatha, n'chifukwa chake munthu amangonena kuti ndipatseni Nali ngakhale akufuna tsabola wina aliyense.

Pomwe amama amagonja ndi poti bizinesi yonse ili mwa iwo. Akadwala kapena akapita kumaliro ku Karonga sabata ziwiri, mpunga kulibe. Mushopu yaikulu sangalowe popanda mapepala a MBS, ndipo munthu wa ku Blantyre amene sanawaonepo alibe chifukwa chowakhulupirira. Alimi aku Kaporo anachita kugwirizana m'bungwe lawo, mpunga wawo n'kumafika mpaka ku Scotland, pawekha ndi thumba limodzi zimenezo sizingatheke.

Ndiye ine wakudya pakhomo ndimatenga kwa amama. Wotumiza kutali kapena wopatsa apongozi ndimagula wam'paketi, zamanyazi sindifuna. Kwa venda wachilendo ndimayamba ndi kilo imodzi kukaphika kaye, ndipo ndimamuuza apise dzanja mpaka pansi pa thumba ine ndikuona, akayamba kukwiya ndimangopita pa benchi ina.