Matiresi a mpweya a odwala ogona: zimene ndaona m'miyezi 9 yosamalira mayi anga

Mayi anga atadwala sitiroko n'kufa ziwalo za mbali ya kumanja, anamwino amene anatilangiza tsiku lotuluka m'chipatala anathera nthawi yaitali pa nkhani ya khungu kuposa ya mankhwala. Anafotokoza kuti munthu wokalamba amene satha kudzitembenuza yekha akhoza kuyamba zilonda m'maola ochepa chabe, chifukwa mnofu ukapanikizika pakati pa fupa ndi bedi, timitsempha ta magazi timatsekeka ndipo malowo amayamba kufa. Anawayeza ndi muyeso wa Braden, umene Barbara Braden ndi Nancy Bergstrom anaufalitsa mu 1987, womwe umaona zinthu 6, kuphatikizapo chinyontho cha pakhungu, kadyedwe ndiponso mmene munthu akuthera kusuntha. Muyesowu umayambira pa 6 kukafika pa 23, ndipo amene wapeza 18 kapena kutsika pamenepo amakhala pachiopsezo. Mayi anali pansi pa 18 ndithu, choncho mlungu womwewo tinagula matiresi a mpweya amene ndikufuna kufotokoza pano.

Matiresi amenewa ndi opyapyala, a pulasitiki yofewa, pafupifupi mamita 2 m'litali ndi masentimita 90 m'lifupi, ndipo amayalidwa pamwamba pa matiresi a masiku onse. Ali ndi timatumba ta mpweya tambirimbiri togawidwa m'magulu awiri, gulu lililonse ndi kapaipi kake kochokera ku pampu yamagetsi imene imakolekedwa kumiyendo kwa bedi. Gulu lina likamafufuma, linalo limaphwa, kenaka pakapita mphindi zingapo amasinthana, motero palibe malo a thupi amene amasenza kulemera kosalekeza. Kuwayala n'kosavuta, ndipo anatenga mphindi zosakwana 30 kuti adzaze koyamba.

Chimene chimafuna chidwi ndi kabatani kopotokola kosinthira kulimba. Pepala la malangizo limene linabwera m'bokosi silinafotokoze bwino za kabataniko, ndipo ichi ndimachiwerengera ngati cholakwa chachikulu kwa opanga, poti ambiri ogula chipangizochi ndi ana ndi adzukulu amene sanaphunzirepo za unamwino. Njira imene inandithandiza ndinaiphunzira kwa anamwino: wodwala ali chigonere, mumalowetsa dzanja pansi pa matiresi a mpweyawo molunjika matako, ndipo mukamva fupa likukhudza chikhatho chanu ndiye kuti mpweya wachepa. Akalimbanso mopitirira amasanduka ngati thabwa, makamaka kwa munthu wowonda monga mayi.

Pa ntchito yake yeniyeni, chipangizochi chandikhutiritsa. M'miyezi yonseyi, kumunsi kwa msana, m'chiuno ndi m'mapewa, kumene zilonda zimakonda kuyambira, khungu la mayi lakhala lili bwinobwino. Tulo tawo tinasinthanso, chifukwa kale ankadzuka akubuula ndi ululu wa m'chiuno, koma tsopano amagona nthawi yotalikirapo. Usiku woyamba anadandaula ndi kayendedwe ka mpweya, amvekere, "Mwanawe, bedi ili likupuma ngati munthu," koma pofika tsiku lachitatu anali atazolowera. Phokoso la pampu ndi laling'ono, ngakhale kuti imanjenjemeretsa chitsulo cha bedi mukapanda kuika kansalu pakati pake.

Zovuta zilipo, ndipo ndi bwino kuzidziwa musanagule. Pulasitiki imasunga kutentha ndi thukuta, pamene chinyontho ndicho chimafewetsa khungu n'kulichititsa kung'ambika msanga, choncho pamafunika nsalu imodzi yopyapyala ya thonje yosinthidwa pafupipafupi, makamaka ngati wodwala akuvala matewera. Kuunjika nsalu zambiri kumapha ntchito ya timatumba tija. Matiresiwa ndi oterera, moti mukadzutsa kumutu kwa bedi kupitirira madigiri 30, wodwala amatsetserekera kumiyendo ndipo khungu la kumsana limakokeka. Magetsi akazima, mpweya umatuluka pang'onopang'ono mpaka munthu n'kutsamira pa matiresi apansi, n'chifukwa chake apansiwo ayenera kukhala abwino paokha. Pampu yathu ilibe belu lochenjeza mpweya ukachepa, ndipo tsiku limene kapaipi kanapindika pansi pa bedi tinazindikira patapita maola. Matiresiwo anabookanso kamodzi ndi pini, koma chigamba ndi guluu zimene zinali m'bokosi zinagwira bwino mpaka lero.

Koma vuto lalikulu koposa silinachokere ku chipangizochi, linachokera kwa ife. Titaona kuti msana wa mayi uli bwino, ine ndi achemwali anga tinayamba kutalikitsa nthawi yowatembenuza, imene anamwino anatiuza kuti ikhale maola awiri aliwonse, poganiza kuti pampu ikutigwirira ntchitoyo. Kutopa kunalipo, sindikana, chifukwa amene wadzukapo katatu usiku uliwonse kwa miyezi ingapo amadziwa mmene thupi limafunira chifukwa chilichonse chogonera. M'mwezi wachinayi, ndikuwasambitsa, ndinapeza chidendene cha phazi lakufa lija chitada kuposa khungu lozungulira, chotentha ndiponso cholimba. Mayi sanamve kanthu, poti mbali imeneyo ilibe mphamvu ya kumva. Pa khungu lakuda, kufiira kumene mabuku amatchula sikuoneka bwino, ndiye munthu ayenera kudalira dzanja lake komanso kuyerekeza phazi lina ndi linzake pamalo owala.

Anamwino atabwera anati chilonda chinali pa gawo loyamba mwa magawo 4, khungu lisanang'ambike, ndipo anatiletsa kusisita malowo, chimene ndinali nditatsala pang'ono kuchita chifukwa cha chifundo. Anatiphunzitsa kuika pilo pansi pa akatumba kuti zidendene zilendewere osakhudza kanthu, komanso kuwagoneka chopendekera pang'ono cham'mbali, pilo ali kumsana, m'malo mowagoneka pa fupa la m'chiuno lenilenilo. Chidendene ndi kamalo kakang'ono kokhala ndi mnofu wochepa, ndipo timatumba tating'onoting'ono ta matiresi a mtundu uwu sitingachiteteze mokwanira. Ndikanakonda chenjezo limeneli likanalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pabokosi.

Ndikuvomereza matiresi amenewa kwa banja limene likusamalira kholo, agogo kapena azakhali amene amakhala pabedi nthawi yambiri koma khungu lawo likadali lathunthu, malinga ngati kutembenuza, kuyang'ana khungu tsiku lililonse ndi kudyetsa bwino zikupitirira monga kale. Kwa wodwala amene ali kale ndi chilonda chozama, kapena wolemera kuposa malire olembedwa pa chipangizocho, mtundu wopyapyalawu ndi wosakwanira, ndipo kuli bwino kufunsa adokotala za matiresi a timatumba tikuluakulu amene amalowa m'malo mwa matiresi onse. Kwathu kuno pampu ikugwirabe ntchito usana ndi usiku, chidendene cha mayi chinabwerera mwakale patatha milungu itatu, ndipo pakhoma tinamata pepala limene aliyense wowatembenuza amalembapo ola ndi mbali imene wawagonekera.